A Mwale ndi Mlendo Wopanda Mphuno

Mitambo ikayamba kusonkhana pamwamba pa Lusaka, ine ndimakumbuka a Zakeyu Mwale. Anamwalira nyengo ngati inoyi, mvula yoyamba isanagwe, mbendera ya atsamunda isanatsike. Amene tinkawadziwa tatsala owerengeka, ena mano anatha, ena maso. Sabata yatha ndinakwera minibasi kupita ku Matero kukaona nyumba yawo, ndipo pobwerera ndinati ayi, ndilembe, pakuti ngakhale ana anga akamva ndikutchula Gubudu amayesa ndi galu wina amene tinkaweta kale.

A Mwale sanali m'bale wanga. Anali aneba, khomo lawo kuyang'anizana ndi lathu, madzi tinkatunga pampopi umodzi. Anachokera ku Nyasalande, cha ku Dedza, ali mnyamata. Ulendo unali wa kumigodi, koma atatsika lole mu Lusaka anapeza mmwenye wina akufuna munthu woti amulembere dzina pasitolo, ndipo ulendo unathera pomwepo. Ntchito yawo moyo wonse inali yolemba zikwangwani. Anali munthu wamfupi, wowonda, penti wosachoka m'zikhadabo, pensulo kukhutu ngakhale m'tchalitchi. Anali ndi khalidwe lina loipa: kuyang'anitsitsa nkhope za anthu. Ukamawapatsa moni iwo akuyeza chibwano chako. Amayi anga ankati munthu ameneyu akakuyang'ana umamva ngati waiwala kuvala kanthu.

Ndiyambe ndi mantha a anaPhiri, mkazi wawo, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Masiku amenewo munthu wa ku Nyasalande akafera m'tauni, abale ake unali mpingo. Mpingo ndiwo unkabwera ndi nsalu, kukhoma bokosi, kuimba pamaliro ndi kuperekeza kumanda. Wopanda mpingo ndi abale ankatengedwa ndi akaidi kuchipatala n'kukamukwirira popanda ngakhale nyimbo imodzi. A Mwale ndi anaPhiri analibe mwana. Ndiye a Mwale atadulidwa mumpingo, anaPhiri ankabwera kwa amayi anga, n'kukhala pansi pafupi ndi mbaula, mawu ake omwewomwewo: "Anzanga, bambowa adzawaika ndani?" Chimene chinawadulitsa chinayamba ndi chinthu cha maso atatu chojambulidwa papepala la simenti.

Chaka chija wailesi inalengeza kuti azungu a dziko lina aponya chitsulo kumwamba choti chizizungulira dziko, Matero yense anali khosi m'mwamba. Ena ankati ndi bodza la azungu, ena ankati dziko latha. Koma Loweruka lina masana tinangoona pakhoma la nyumba yawo, loyang'ana kumpopi, pakhomedwa pepala lalikulu la thumba la simenti, lowongoledwa ndi simbi, logawidwa m'timabokosi. Ana a lero amati makomiki. Ife tinkangoti zithunzi za a Mwale.

M'kabokosi koyamba munali mgolo wa mafuta, wokhala ndi mateyala a njinga ndi ambulera pamwamba, ukutsika kuchokera kunyenyezi. M'kachiwiri unagwera padenga la malata, ndipo a Mwale analemba phokoso lake ndi zilembo zazikulu zija za pasitolo: GUBUDU! M'mgolomo munatuluka cholengedwa cha maso atatu, miyendo ngati ya dzombe, makutu otambalala ngati masamba a kabichi, koma pamene pamakhala mphuno panali see, popanda kanthu. Anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi anachipeza, nachibisa m'khola la nkhuku, nachitcha dzina la phokoso lija. Mgolo wake sunkayendera petulo. Unkayendera nyimbo, ndipo unkanyamuka pokhapokha mawu onse atakwana, aang'ono, apakati ndi aakulu. Wina akaphonya, mgolo unkabwerera cham'mbuyo n'kukagwera m'munda wa eni ake.

Koma abale, tinkaseka! Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse masana pakhoma paja pankadzaza achinyamata, ena ochokera ku Chibolya, ena mpaka ku Chilenje wapansi. Mmodzi ankaima kutsogolo kuwerenga mokweza, akusintha mawu, ena tonse kukankhana kumbuyo. Ife atsikana tinkanamizira kutunga madzi, ndowa kusefukira pampopi, amayi akukuwa kunyumba. A Mwale ankakhala pambali pakampando kawo, akusongola pensulo ndi lumo, osaseka. Ankamvetsera mikangano yathu, ndipo zimene takangana sabata ino tinkazipeza papepala sabata yamawa. Nkhope ankaba za anthu a m'komboni momwemo. Kalaliki wa papepala anali ndi dazi la kalaliki weniweni, ndipo mayi wogulitsa zitumbuwa anawalalatira atadziona yekha akuthamangitsa Gubudu ndi chipande.

Ndimakumbuka bwino ya chitupa. Gubudu anagwidwa m'tauni alibe chitupa, napita naye kuofesi. Kalaliki akufunsa mtundu wake, mfumu yake, mudzi wake, iye kumangoloza kumwamba. Ndiye anaitana anthu a mitundu yonse kuti amuzindikire. Abemba anati ameneyu ndi wa kum'mawa, taonani maso atatu osakira mbewa. Ife a kum'mawa tinati ndi Mbemba, simukumva kulongolola kwake? Atonga anamufunsa ng'ombe zake, atamva kuti alibe anatembenuka n'kumapita. Pakhoma paja aliyense ankaseka mnzake mpaka itafika nthawi yake. Kenaka Gubudu anafotokozera anzake aja kuti kwawo kunyenyezi anthu a makutu ogwera kumanzere sadyera mbale imodzi ndi a makutu ogwera kumanja, ndipo nkhondo ya zimenezi ndiyo anathawa. Tinaseka zitsiru za kunyenyezi mpaka kugwira m'mimba. A Mwale anangotiyang'ana, pensulo ili m'manja.

Mnzawo wa pamtima, amenenso ankakangana naye kuposa wina aliyense, anali a Sakala, kapitawo wa kumagutsu, kumene ankatsitsira katundu wa sitima. Onse awiri anali akulu a mpingo, ndipo Lamulungu ankapitira limodzi kutchalitchi, majekete akuda, akukangana njira yonse. A Sakala anali chimunthu chachitali, cha mawu aakulu oimbira, moti akatsegula pakamwa benchi inkanjenjemera.

"Ba Mwale, mukunamiza ana," ankatero a Sakala. "Kukanakhala anthu kunyenyezi, Buku likananena."

A Mwale ankayankha kuti Buku limanena kuti Mulungu analenga nyenyezinso, ndipo iwo chibadwire sanaonepo mmisiri womanga nyumba zochuluka chotero n'kuzisiya zonse zopanda anthu. Ankatinso mwana amene waphunzira kudabwa savuta kumuphunzitsa kupemphera. A Sakala ankangopukusa mutu, n'kutulutsa mpango wawo woyera kupukuta thukuta. Akafika pakhomo la tchalitchi ankapatsana njira mwaulemu, wina kuti yambani ndinu, winayo kuti ayi ndinu.

Musaganize kuti a Mwale anali mngelo, ayi ndithu. Anali wouma mutu, ndipo akakwiya ankabwezera ndi pensulo. Atayambana kwenikweni ndi a Sakala, makutu a mkulu wa mpingo wa papepala ankakula sabata ndi sabata mpaka anayamba kukwekwa pansi. Kunyumba ankatenga tebulo lodyera kuti ajambulirepo, anaPhiri n'kumadyera pamphasa. Munthu amene ankaona kachipsera kakang'ono pankhope ya mlendo sankaona misozi ya mkazi wake. Zimenezi zinkandipsetsa mtima ndili mtsikana, ndipo mpaka lero sindinawakhululukire zonse.

Tsopano ndinene za Kayombo. Mbali yathu ya komboni zimbudzi zinali za ndowa, ndipo amene ankazichotsa anali anthu olembedwa ntchito ndi khonsolo, ambiri mwa iwo Aluvale ochokera kutali kumadzulo. Anthu ankawaitana ndi dzina lina loipa limene sindilemba pano. Sankawapatsa dzanja, ndipo ana ankagwira mphuno akakumana nawo ngakhale Lamulungu atavala zoyera. Kayombo anali mwana wa mmodzi wa iwo, a Sakayombo. Anali mnyamata wamsinkhu wathu, wamtali, wosayankhulayankhula, ndipo ndikuuzeni kuti ankasamba ndi sopo kuposa tonsefe. Loweruka ankabwera ndi njerwa yake, n'kuima pamwamba pake kumbuyo kwenikweni kuti aone pamitu ya anzake. Ngakhale anthu apanikizane bwanji, pozungulira iye pankatsala mpata.

A Mwale anauona mpatawo. Sanadzudzule munthu. Koma papepala panatulukira mnyamata watsopano, mwana wa munthu wa ndowa, ndipo Gubudu wopanda mphuno uja anamusankha kukhala bwenzi lake lapamtima, chifukwa ndiye yekha amene sanamufunse mtundu. Anzake aja atagwira mphuno, Gubudu anawafunsa modandaula: "Kodi chinthu mwagwiracho chikufuna kugwa? Ndikuthandizeni kumanga?" Tsiku limenelo kuseka kunali kwina, kwamanyazi. Patapita masabata, wina akagwira mphuno anzake ankamukuwiza kuti chikufuna kugwa, chikufuna kugwa! Mpata uja unayamba kuchepa. Loweruka lina wowerenga wathu atadwala, a Mwale analoza kumbuyo ndi pensulo, Kayombo natsika panjerwa yake. Palibe amene anatha kuyankhula ngati Gubudu kuposa iye, ndipo kuyambira tsiku limenelo wowerenga anali iyeyo.

Zikanathera pamenepo bwenzi a Mwale ataikidwa ndi abusa, amayi a mpingo atavala zoyera. Koma Gubudu anamva kuimba m'tchalitchi nafuna kulowa kalasi ya ubatizo. Anafunsa ngati Ambuye anaferanso a kunyenyezi, kapena iwo adikire wawo. Akulu a mpingo a papepala anakangana masabata angapo kuti madzi a ubatizo amuthire pati, pakuti makutu aja ankatchinga mutu ngati denga. Pomaliza anabatizidwa. Ndipo linafika pepala la Mgonero. A Mwale anajambula chikho chimodzi chikuyenda m'timabokosi: kuchoka kwa munthu wa ndowa kupita kwa Gubudu, kuchoka kwa Gubudu kupita kwa mkulu wa mpingo wamtali wa mpango woyera.

Apa ndiyenera kufotokoza mmene zinthu zinalili kutchalitchi kwathu. A Sakayombo anali Mkhristu wobatizidwa kwawo, ndipo atapempha kulowa mumpingo wathu akulu sanathe kuwakana. Koma anawapatsa benchi yakumbuyo, ndipo anagula kakapu kakang'ono kachitsulo, koyera, ka mlomo wabuluu. Pa Mgonero mpingo wonse unkamwera chikho chachikulu chimene a Sakala ankayendetsa kuyambira kutsogolo. Kakapu kaja kankapita kubenchi yakumbuyo, kwa munthu mmodzi yekha. Amene ankakanyamula, zaka zonsezo, anali a Mwale.

Kayombo anawerenga pepala lija mpaka kabokosi kotsiriza, koma ulendo uno sanasinthe mawu monga ankachitira. Atamaliza sanabwerere pakati pa anzake. Anatembenukira kukampando kaja.

"Ba Mwale," anatero, "papepala ni vosavuta. Nanga mailo mu chalichi muzanyamula kapu iti?"

Mailo, pa chinyanja cha m'tauni, ndi mawa, ndipo mawa lake linali Lamulungu la Mgonero. Mwana kufunsa wamkulu chotero, pamaso pa anthu! Ndinayembekeza kuti amukalipira. A Mwale anachotsa pensulo kukhutu, kuiyang'ana ngati saidziwa, kenaka ananyamula kampando kawo n'kulowa m'nyumba. AnaPhiri anauza amayi anga kuti tsiku limenelo a Mwale sanadye.

Ine ndinali nditangoyamba kumene kudya Mgonero, ndiye ndinaona ndi maso angawa. Abusa atadalitsa, a Mwale anafika patebulo ngati mwa nthawi zonse. Anatenga kakapu kaja kasanathiridwe kanthu, nakaika m'thumba la jekete. Kenaka ananyamula chikho chachikulu ndi manja awiri, a Sakala dzanja lili m'malere, nayamba kuyenda pakati pa mabenchi. Anapitirira akulu, anapitirira amayi a mpingo, anapitirira ife. Nsapato zawo zinkalira pasimenti. Anakaima pabenchi yakumbuyo.

A Sakayombo anabisa manja pakati pa mawondo, akupukusa mutu. A Mwale anawerama.

"Imwani, mbale wanga."

Anakhala chiweramire mpaka munthu uja anatambasula manja, namwa. A Mwale anamwa pomwepo pamene mnzawo anaika milomo, nayamba kubwera nacho chikho kutsogolo, benchi ndi benchi. Gogo wina wosaona bwino analandira namwa. Anyamata awiri a pakhoma paja anamwa. Ena onse anaweramitsa mitu, ena anapinda manja pachifuwa. Chitafika kutsogolo a Sakala anachilandira, natuluka nacho kuseri, ndipo tinamva madzi akukhuthulidwa. Abusa anayambitsa nyimbo kuti aphimbe phokosolo, koma linamveka ndithu.

Bwalo la akulu linakhala sabata yomweyo. Milandu inali yosokoneza Mgonero, yojambula chilombo patebulo la Ambuye, yonyoza akulu pamaso pa ana, ndi yotenga katundu wa mpingo. Anawauza kuti atenthe mapepala onse, abweze kakapu, ndipo aimirire pamaso pa mpingo kuvomera kulakwa. A Mwale anati kuimirira aimirira ndithu, pakuti tchimo ali nalo: ananyamula kakapu kaja zaka zambiri akudziwa. Koma la Lamulungu lapitali sakuliona. Anawadula. Potuluka, a Sakala anawapeza pakhomo, nkhope itagwa, ndipo ananena mawu amene Matero yense anawamva tsiku lisanathe.

"Ba Mwale, ganizani bwino. Mukafa adzakuikani a ndowa anuwo."

"Manja ali nawo," anayankha a Mwale.

Musayembekeze kuti ndinena kuti zinthu zinasintha. Mpingo unagula kakapu kena. A Sakayombo eni ake anabwera kwa a Mwale atakwiya. "Ine kapu yanga inali bwino," anatero. "Ninali kumwa mwakachetechete, manje chalichi yonse iniyangana ine." Anatenga miyezi osaponda kutchalitchi. Makolo ambiri analetsa ana awo kupita kukhoma, ngakhale ana ankazemba ndithu. Amayi a mpingo anasiya kudzacheza kwa anaPhiri. A Mwale sanaphonye tchalitchi ngakhale Lamulungu limodzi. Ankakhala benchi yakumbuyo, ndipo ikafika nthawi ya Mgonero, pamene odulidwa amatuluka, ankakaima pansi pa mtengo panja pamodzi ndi ana a kalasi, chipewa m'manja, akung'ung'udza nyimbo imene inkaimbidwa m'katimo. Ankaulakalaka Mgonero, musaganize kuti ayi. Ndinawaonapo akupukuta m'maso pansi pa mtengo umenewo, ndipo zinandiwawa. Kakapu kaja anakapachika pamsomali m'mphepete mwa khoma la zithunzi, nakasandutsa moikamo mapensulo.

AnaPhiri anawachonderera kangati! Anagwada, anatuma anthu akwawo, anati bambo tenthani mapepalawo, mawa mudzajambula ena. A Mwale ankangoti mapepala si kanthu, koma akawatentha, mnyamata uja adzadziwa kuti anali kunena zoona, kuti papepala n'zosavuta. Ndiye anaPhiri ankabwerera kwa amayi anga ndi funso lawo lija.

Chifuwa chinawagwira a Mwale pang'onopang'ono. Anthu ankati ndi fungo la penti la zaka zonse zija. Anasiya kukwera makwerero a m'tauni, kenaka anasiya kupalasa njinga, koma Loweruka pepala linkakhomedwabe, mizere ikunjenjemera. Ife tinali titakula, ena pantchito, ena pabanja, ndipo pakhoma panali ana ena. Pepala lomaliza linali la mgolo utakonzedwa, Gubudu akufuna kupita kukaona kwawo. Anzake anaimba, mgolo unanyamuka pang'ono, n'kugwanso, chifukwa panalibe wa mawu aakulu. Kabokosi kotsiriza anangokajambula m'mphepete, m'kati mulibe kanthu.

Anamwalira m'mawa wa Lachitatu, kunyumba. AnaPhiri anatuma bambo anga kwa akulu a mpingo, ndipo yankho linabwera dzuwa lisanakwere: munthuyu wafera kunja, mpingo sungabwere ngati mpingo. AnaPhiri sanakuwe. Anakhala pansi pakhonde, miyendo tambalale, akuyang'ana kumsewu kumene galimoto ya akaidi ikanatulukira. Kalanga ine, nkhope imeneyo sindidzaiiwala.

Woyamba kufika anali Kayombo, atavala ovolosi ya kugalaja kumene ankagwira ntchito, kumbuyo kwake a Sakayombo atanyamula beseni ndi sopo watsopano. Anagwada pamaso pa anaPhiri kupempha chilolezo, nalowa kukasambitsa thupi. Kenaka anayamba kufika ena, mmodzimmodzi, awiriawiri, anthu amene ndinali ndisanawaone zaka: kalipentala wa Chibemba ndi matabwa paphewa, mnyamata wa Chitonga ndi lole ya abwana ake, atsikana a ku Chilenje ana kumsana. Onse anali a pakhoma paja. Abemba, amene ndi ife a kum'mawa timachitirana chimbuya, chibale chija chonyozana pamaliro, anatenga makasu kupita kumanda. Pobwera anatipaka ufa kumaso, akuti a Mwale atsamwidwa ndi mchira wa mbewa, tinakuuzani musiye kudya vinthu ivi. AnaPhiri anaseka ali m'misozi, ndipo pamenepo m'pamene analira mokweza.

Kumanda kunalibe abusa, kunalibe mkulu wa mpingo wotsegula Buku. Bokosi litatsitsidwa tinangoima, aliyense kuyang'ana mnzake, osadziwa woyamba ndani. Dzuwa linali likuswa mtengo. Kayombo ndiye anayankhula, osakweza mawu.

"Mgolo siunyamuka kopanda nyimbo."

Tonse tinamva. Mtsikana wina anayambitsa nyimbo ija a Mwale ankang'ung'udza pansi pa mtengo, ife tinalandira, koma inali yopyapyala, ya anthu a matchalitchi osiyana, ena osadziwa mawu. Tili pakati pa ndime yachiwiri, kumbuyo kwathu kunamveka mawu aakulu, otsika pansi, amene aliyense wa ku Matero ankawadziwa. A Sakala anali ataima patali cha kumitengo, opanda jekete lakuda, atavala malaya a kuntchito. Sanasendere. Anaimba ndime zonse mpaka dothi linadzaza.

Titabwerera kunyumba ndi kusamba m'manja pakhomo monga mwa mwambo, anthu anali ndi ludzu. AnaPhiri anadzuka, napita kukhoma, natsitsa kakapu kaja. Anakhuthula mapensulo, anakatsuka pampopi, anatunga madzi m'ndowa, nayamba kupatsa a Sakayombo. A Sakayombo anamwa napereka kwa kalipentala, kalipentala kwa mnzake, ndipo kakapu kanayenda bwalo lonse, kakudzazidwa ndi kudzazidwanso, mpaka Kayombo anamwa n'kukatambasulira a Sakala, amene anali atatsatira anthu n'kuima kumpanda.

Pali anthu amene pofotokoza nkhaniyi amati a Sakala anangolandira n'kumwa. Si zoona, ine ndinali pafupi. Anakagwira nthawi yaitali, anatulutsa mpango wawo woyera, anapukuta pamlomo pa kapu. Anapukuta ndithu. Koma anamwa, mpaka madzi onse, nakabweza. AnaPhiri anawayang'ana n'kunena kuti, "A Sakala, munanena zoona. Awaika a ndowa." A Sakala anaphimba nkhope ndi mpango uja.

Mapepala a Gubudu palibe limene linatsala. Pepala la simenti silikhalitsa. Ena anadyedwa ndi chiswe, ena amayi anayatsira mbaula. AnaPhiri anabwerera ku Dedza mvula itatha, kakapu kali m'katundu wawo. Kutchalitchi kwathu masiku ano aliyense amamwera m'kakapu kakekake, akuti n'chifukwa cha matenda, ndipo ndikakalandira ndimalephera kudziwa ngati a Mwale akanaseka kapena akanalira.

Nyumba ija ilipo. Eni ake atsopano anamanga mpanda wa njerwa mbali zitatu, koma khoma loyang'ana kumene kunali mpopi likadali poyera, ndipo mpopiwo anauzula kalekale. Analipaka laimu kangapo, komabe ukayandikira umaona timabowo ta misomali, tambirimbiri, m'mizere iwiri, wam'mwamba ndi wam'munsi, kutalikirana kwake kofanana ndi thumba la simenti lotambasula. Cha kumphepete kwatsala msomali umodzi wadzimbiri, wopindikira m'mwamba, wosapachikapo kanthu. Linali Loweruka masana pamene ndinafika. Ndinaima kumbuyo, pamene pankakhala njerwa ya Kayombo, ndipo kuchokera pamenepo mpaka kukhoma panalibe mutu wa munthu wonditchinga.